Meatloaf yogumuka, youma kapena yaiwisi pakati: komwe vuto limayambira

Dandaulo la meatloaf, mtanda wa nyama yogaya (minsi) wowotcha mu uvuni, limakhala lomwelomwe kuno ku Harare, kaya mwalimva ku Mufakose, ku Mabvuku kapena kwa wina amene amaphikira mabwana ku Borrowdale. Imatuluka mu uvuni ikununkhira nyumba yonse, pamwamba pofiira bwino, koma mpeni ukangolowa imagumuka n'kusanduka minsi wamba yofuna supuni. Tsiku lina imagwirana ndithu, koma youma moti ana amachita kumezera madzi. Ndiye pali ija yopserera kunja pomwe pakati padakali paiwisi. Ambiri amathamangira kuimba mlandu uvuni. Nthawi zina uvuni umalakwadi, makamaka kuno komwe magetsi amazima chakudya chili pamoto, koma kawirikawiri vuto limakhala litachitika kale kubutchala ndi m'beseni, moto usanayatsidwe n'komwe. Ndi momwe nyama yakwerera mtengomu, kilogalamu yathunthu si yoti munthu n'kumayeserapo mwayi.

Kubutchala

Nyama ya ng'ombe muno m'Zimbabwe imagulitsidwa m'magulu, kuyambira super ndi choice kutsika mpaka commercial ndi economy. Munthu akafuna kusangalatsa alendo amaloza minsi yofiira psu, yopanda mafuta, poganiza kuti yodula ndiye yabwino pa chilichonse. Pa meatloaf, kuuma kumayambira pomwepo. Nyama ikatentha kupitirira madigiri 60 minofu yake imayamba kukhwinyata n'kufinyira madzi kunja, ndipo chimene chimatsala chofewetsa m'kamwa ndi mafuta. Minsi yoyenera ikhale ndi mafuta pakati pa 15 ndi 20 peresenti. Ndi maso mumaona timadontho toyera titamwazikana ponseponse mu nyama yofiira. Ikakhala yofiira yokhayokha idzauma. Ikayera mpaka kufiira kumachita kusowa, idzasambira m'mafuta n'kunyala kutsala theka.

Njira yomwe ine ndimaikonda ndi yosankha nthuli ndekha, ya paphewa imene amati chuck kapena ya pachifuwa yotchedwa brisket, n'kupempha kuti aigaye ndikuona. Aigaye kamodzi kokha. Yogayidwa kawiri imalowa bwino mu soseji, koma mu meatloaf imathinana kwambiri. Ngati ndalama zafika pa minsi ya economy yokha, musataye mtima, ingoyang'anani ngati ili ndi mitsempha yambiri, ndipo mukatha isakanizeni theka ndi theka ndi ina yopanda mafuta.

Ena amathirako minsi ya nkhumba, gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo imafewetsadi. Koma pakati pathu pali abale achisilamu ndi a mipingo yosadya nkhumba, ndipo mu meatloaf munthu sangaone chimene chalowamo. Mukaika nkhumba nenani anthu asanayambe kudya.

Minsi igulidwe pomaliza penipeni, zina zonse za ku Mbare Musika zitalowa kale m'chikwama. Nyama yogaya imawonongeka msanga kuposa nthuli, ndipo kukhala nayo maola awiri mu kombi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo n'kuiyambitsa kale kuvunda. Mufiriji isapitirire masiku awiri isanaphikidwe.

Ikamagumuka

Apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu, ndipo zifukwa zake zimayenda pamodzi.

Tiyambe ndi muyezo, chifukwa ambiri timangothira ndi maso. Pa kilogalamu imodzi ya minsi pamafunika masilayisi atatu kapena anayi a buledi, mkaka wokwana mamililita 150 mpaka 180, mazira awiri, anyezi mmodzi wamkulu ndi mchere masupuni aang'ono awiri osasefukira. Zina zonse, adyo, tsabola, karoti, ndi zokometsera chabe. Zisanu zimenezi ndi zomwe zimamanga mtanda.

Buledi asalowe mu nyama ali wouma. Chotsani makoko, mumunyemenyeme m'mbale, thirani mkaka, mumusiye mphindi khumi, kenako mumutikite ndi foloko mpaka asanduke phala losalala lopanda zibuluma. Phala limeneli limagwira ntchito ziwiri. Limalowa pakati pa tinyama n'kutiletsa kuthinana tikamapsa, komanso limamwa madzi amene nyama ikutulutsa n'kuwasunga m'kati m'malo moti atsikire pansi pa chitini. Anthu ambiri amaganiza kuti buledi timaika pongofuna kuchulukitsa nyama. Ayi. Ngakhale muli ndi nyama yokwanira, popanda buledi wonyowa mudzapeza chibuluma cholimba chokhala m'dziwe la msuzi wake womwe. Nyenyeswa zouma za m'paketi zikathiridwa osanyowetsa zimachita zosiyana ndi zomwe mukufuna: zimayamwa madzi a nyamayo isanapse, ndipo malo amene zaunjikana ndi pomwe silayisi imathyokera. Ngati ndi zomwe muli nazo, ziviikeni kaye mu mkaka. Otsi amagwiranso ntchito, kapu imodzi yosadzaza, woviikidwa chimodzimodzi. Mkaka wowawasa, chambiko kapena lacto, umachita bwino kwambiri ndipo umaonjezera kakomedwe. Ufa wa mgaiwa wosaphika musaike, umatsalira m'mano. Buledi akasowa, ntanda umodzi waung'ono wa mkute wotikita bwino ndi mkaka ungathandize, kungoti meatloaf yake imalemererako.

Mazira ndi amene amalimbitsa mtanda ukatentha, koma samalani ndi maganizo akuti ikagumuka ndiye kuti mazira anachepa. Dzira limodzi pa theka la kilogalamu ndi lokwanira. Mukaika anayi kapena asanu idzagwirana, koma idzakhala yonjanja ndi yonunkha dzira. Amenyeni kaye pambali musanathire, kuti afike paliponse mosavuta.

Anyezi ndi mdani wobisika. Akadulidwa zikuluzikulu n'kuponyedwa mu nyama ali wamuwisi, amatulutsa madzi mu uvuni, amanyala, n'kusiya timabowo. Mukayang'anitsitsa silayisi yothyoka mudzaona kuti mng'alu wadutsa pomwe pali chidutswa cha anyezi kapena girinipepa. Muduleni tating'onoting'ono kapena mumukwechese pa gireta, mumukazinge ndi mafuta pang'ono mpaka afewe n'kuyamba kuwala, kenako mumusiye azizire. Karoti ndi girinipepa zilowe m'chiwaya chomwecho. Kuziziritsa n'kofunika, chifukwa anyezi wotentha amasungunula mafuta a nyama mtanda usanaumbidwe ndiponso amayamba kuphika mazira.

Tsopano kukanda. Mudzamva ena akuti musaigwiregwire konse, ena akuti ikandeni mwamphamvu, ndipo onse ali ndi mbali yoona. Mchere ukakhudza nyama yogaya umasungunula mapuloteni ena amene amachita nembenembe, ndipo ndi amenewa amene amamata tinyama. Mukangosakaniza mwachisawawa, zomatazo sizituluka ndipo meatloaf imagumuka. Mukakanda nthawi yaitali zimachuluka mopitirira, ndipo mumapeza nyama yothinana yonga ya poloni, chifukwa poloni amapangidwa motero dala. Chochita n'chakuti musakanize kaye zonse zonyowa m'beseni, phala la buledi, mazira, anyezi, mchere ndi zokometsera, kenako muyoyolere minsi pamwamba. Lowetsani dzanja zala zitatambasuka, muzitembenuza kuchokera pansi. Pakapita mphindi imodzi kapena iwiri mudzamva kusintha: nyama imayamba kukakamira ku zala, ndipo mukatapa yodzaza dzanja n'kulitembenuza chadodolido, imakhala kaye osagwa. Mukatsegula chibulumacho mumaona tiulusi toyera tating'ono tikukokana. Pamenepo lekani.

Minsi ikhale yozizira pokanda. Ngati inali mufiriza, isungunukire mufiriji usiku wonse, ndipo madzi ofiira amene yatulutsa muwataye. Yosungunuka kunja kokha, pakati padakali ayezi, siigwirana ndipo siipsa mofanana.

Chifukwa chomaliza cha kugumuka ndi changu cha pa tebulo. Meatloaf yongotuluka kumene imakhala yofewa, mafuta ndi madzi ake zidakali zoyenda. Ipatseni mphindi 15 itafundidwa foyilo mosathina. Dulani ndi mpeni wa buledi wa mano uja, mocheka osati mokanikiza, ndipo silayisi iliyonse ikhale yonenepa ngati chala chachikulu. Ndaonapo meatloaf zopangidwa bwino kwambiri zikuwonongeka pa mphindi zomalizazi chifukwa alendo akhala kale pansi ndipo mayi wa pakhomo akuchita manyazi kuwadikiritsa. Pakulani nsima ndi masamba kaye, nyama ibwere pambuyo.

Ikamauma

Ngati mafuta analimo ndipo buledi ananyowa koma yaumabe, ndiye kuti yakhalitsa pamoto. Uvuni ukhale pa madigiri 180, wotenthetsedwa kale. Mtanda wa kilogalamu imodzi umapsa pakati pa ola limodzi ndi ola ndi mphindi 15. Mantha a nyama yaiwisi amachititsa ambiri kuisiya maola awiri, ndipo mphindi iliyonse yoonjezera ikufinya madzi amene simungawabwezeremo. Yambani kuiyang'ana pakatha mphindi 50.

Soya amaumitsanso akalowa molakwika. Palibe cholakwa kuonjezera minsi ya soya kuti nyama ikwanire banja, ambiri timatero. Koma aviikidwe kaye m'madzi otentha othira kyubu, afinyidwe, ndipo asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a mtanda wonse. Popeza soya alibe mafuta, thirani masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira. Minsi ya nkhuku imafunanso mafuta owonjezera chimodzimodzi.

Yosambira m'mafuta, yong'aluka, yomatirira

Izi n'zosavuta. Ikamasambira, vuto ndi chitini cha buledi chimene chimasunga madzi onse, ndiye nyama imawira m'malo mowotcheka. Umbani mtanda ndi manja pa thireyi yoyala foyilo, mafuta azitsikira pambali. Ngati mumakonda chitini, tsanulani mafuta pakatha mphindi 40 n'kubwezeramo. Musawataye, ndi a msuzi.

Zoyera zotuwira zimene zimatuluka m'mbali si kuti nyama yawonongeka. Ndi madzi a nyama okhala ndi mapuloteni amene aundana ndi moto. Zipaleni ndi supuni basi.

Kung'aluka pamwamba kumabwera ndi uvuni wotentha kwambiri kapena mtanda wosasalazidwa. Nyowetsani dzanja, musalaze pamwamba musanaike pamoto. Kumatirira kumatha ndi kupaka mafuta kapena kuyala pepala lophikira.

Zopaka pamwamba, tomato sosi wosakaniza ndi shuga pang'ono ndi viniga kapena chatine, zimapserera zikapakidwa poyamba chifukwa cha shugayo. Pakani kutatsala mphindi 20.

Ikamasowa kukoma

Meatloaf siili ngati ndiwo ya mumphika yomwe mumalawa n'kuonjezera mchere. Ikalowa mu uvuni, zatha. Choncho musanaumbe, tapani kachibuluma kakang'ono, mukaphwatalale, mukakazinge m'chiwaya mbali zonse mpaka kapse, mulawe. Kanyama kameneka kamakuuzani zonse: mchere, tsabola, ngakhale ngati mtanda ukugwirana. Kakagumuka m'chiwaya, kandaninso pang'ono. Musalawe mtanda wauwisi.

Mchere wochuluka nthawi zambiri umachokera kosayembekezereka. Kyubu ili ndi mchere, Royco ali ndi mchere, Worcestershire sauce ilinso ndi mchere, ngakhale buledi amene. Mukaika zimenezi chepetsani mchere wa m'supuni ndi theka. Ine ndimaona kuti zokometsera zikachuluka nyama imasowa. Adyo, tsabola wakuda, kambuzi pang'ono kwa okonda kuwawa ndi supuni imodzi ya Worcestershire zimakwana.

Yopsa kunja, yaiwisi pakati

Vuto ili ndi lokhalo pa onsewa lomwe lingagoneke munthu m'chipatala, ndiye ndikupemphani mulitenge mozama. Pa nthuli ya nyama, tizilombo monga E. coli ndi Salmonella timakhala kunja, ndipo moto umatipha msanga. Makina ogayira amatenga za kunjazo n'kuzilowetsa paliponse. N'chifukwa chake steak yofiirira pakati ena amadya osadwala, koma minsi iyenera kupsa mpaka pakatikati. Muyezo wake ndi madigiri 71 pa ng'ombe ndi nkhumba, 74 pa nkhuku. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika ndi amene amavutika kwambiri zikalakwika.

Mtundu wa nyama umanamiza. Minsi ikhoza kuda isanafike pa kutentha kopha tizilombo, ndipo ikhozanso kukhalabe yofiirira itapsa bwinobwino, makamaka yophikidwa mu uvuni wa gasi kapena yosakaniza ndi bekoni. Chodalirika ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama, kobaya pakati penipeni pa mtanda. Ngati mumaphika minsi kawirikawiri, kaguleni, kamapulumutsanso ku kuumitsa kuja. Popanda iko, bayani mpeni wopyapyala pakati, muwerenge mpaka khumi, muutulutse n'kuukhudzitsa kuseri kwa dzanja. Uzikhala wotentha moti simungausiyepo. Madzi otuluka pabowopo akhale oyera, ndipo mukakanikiza pamwamba pazikhala polimba osati ponyenyeka. Mukakayikabe, dulani pakati muone. Ndi bwino kupereka meatloaf yoduka pawiri kusiyana ndi yaiwisi.

Chimene chimachititsa vutoli nthawi zambiri ndi msinkhu wa mtanda. Moto umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja, ndiye mtanda wautali kupita m'mwamba umapserera kunja pakati pasanafike moto. Usapitirire masentimita 6 kapena 7 kuchoka pansi. Mukakhala ndi makilogalamu awiri, umbani mitanda iwiri, osati umodzi waukulu. Kukweza moto kufika 220 kuti zifulumire kumangokulitsa vuto. Mauvuni a gasi amatentha kwambiri pansi, ndiye ikani thireyi pa shelefu yapakati, ndipo ngati pansi pakupsererabe ikani thireyi ina yopanda kanthu m'munsi mwake. Pamwamba pakada msanga, fundani foyilo mupitirize.

Magetsi akazima ili mu uvuni

Aliyense wokhala mu Harare akudziwa za kuthima kwa magetsi, ndipo meatloaf imafuna moto wa ola lathunthu osadukiza. Akazima kutatsala mphindi khumi zokha, musatsegule chitseko. Kutentha kotsalira kukhoza kumaliza ntchito, koma muyese pakati musanapereke. Akazima ili pakati pa ulendo, musaisiye mu uvuni n'kumadikira kuti mwina abwera madzulo. Nyama yofunda, yosapsa, yokhala pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pomwe tizilombo timaswana mwachangu, ndipo tina timasiya poizoni amene satha ngakhale mutaphikanso. Isamutsireni pamoto wina nthawi yomweyo.

Pa sitovu ya gasi pali njira ziwiri. Ngati yalimba kale moti ingadulike, idulani masilayisi onenepa, muwakazinge m'chiwaya pa moto wochepa mutavundikira, mbali zonse, mpaka apse. Ngati idakali yofewa, tengani mphika waukulu, ikani chivundikiro chakale kapena timiyala toyera pansi, thirani madzi osafika pa theka la chitini, khazikani chitini chofundidwa foyilo, vundikirani, madzi aziwira pang'onopang'ono. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95 osati 100. Ndi okwanirabe kufikitsa nyama pa 71, kungoti muipatse nthawi yochulukirapo ndipo muziona kuti madzi asaphwe. Meatloaf yophikidwa ndi nthunzi imatuluka yotuwa koma yofewa kwambiri. Ikapuma, kazingani masilayisi kuti afiire.

Masiku amene mukudziwa kuti magetsi ndi osadalirika, umbani timitanda tating'ono, tinayi kapena tisanu pa kilogalamu. Timapsa m'mphindi 25 mpaka 30.

Kuphika pa mbaula

Agogo athu ambiri amene anachoka ku Nyasaland kubwera ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, pa nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ngakhalenso kale chisanayambe, anagwira ukhuki m'nyumba za azungu, ndipo ena mwa iwo ankaphika zakudya zoterezi pa sitovu za nkhuni zopanda nambala iliyonse. Ndimakumbutsa zimenezi chifukwa pali amene amaganiza kuti popanda uvuni wa magetsi meatloaf n'njosatheka. Imatheka, ndipo njira yake mukuidziwa kale: ndi momwe timaphikira chigumu, moto wochepa pansi, makala ambiri pa chivundikiro.

Pamafunika mphika wolemera wachitsulo. Yalani mchenga wouma m'kati mwake pansi, wonenepa ngati zala ziwiri, kuti chitini chisakhudze chitsulo chotentha. Dikirani makala ayake mpaka achite phulusa loyera pamwamba, malawi atatha. Siyani ochepa mu mbaula, ochuluka muwaike pa chivundikiro. Tenthetsani mphika mphindi khumi musanaike chitini. Kulakwitsa kofala ndi moto wambiri pansi, umene umapsereza m'munsi pamwamba padakali poyera. Mukamva fungo lopserera mphindi 20 zisanathe, phulani makala ena pansi. Onjezerani makala oyaka pamwamba pakatha theka la ola, ndipo potsegula kokerani chivundikiro pambali mosamala kuti phulusa lisagwere mu nyama. Foyilo pamwamba pa chitini imathandiza, muichotse chakumapeto kuti pafiire.

Mbaula ikhale panja kapena pakhonde. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi anthu amailowetsa m'nyumba n'kutseka mawindo kuti aothe pomwe akuphika, koma mpweya wa makala sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Yalakwika kale, nditani?

Yogumuka isatayidwe. Kazingani anyezi ndi matimati, ponyanimo zogumukazo, thirani madzi pang'ono, mwapeza ndiwo ya nsima, mpunga kapena sipageti. Youma idulani masilayisi opyapyala, muwagoneke mu msuzi wotentha mphindi zisanu mutavundikira. Yowawa mchere iphwanyeni n'kuisakaniza ndi mbatatesi yophika yopanda mchere. Yaiwisi pakati yomwe mwaiona nthawi yomweyo ikazingeni masilayisi. Koma yaiwisi pakati yomwe yakhala pa tebulo masana onse, imeneyo itayeni, ngakhale mtima ukuwawa chifukwa cha ndalama.

Pa tebulo ndi mawa lake

Meatloaf payokha siyenda ndi nsima, imafuna msuzi. Tengani masupuni awiri a mafuta aja munatsanula, kazingiranimo anyezi mpaka afiire, thirani matimati, kenako madzi amene anatsalira pansi pa thireyi pamodzi ndi zomatirira zofiirazo, mutazipala ndi madzi otentha pang'ono. Kukoma konse kuli mu zomatirirazo. Pambali pakhale repu, covo kapena mpiru wosaphikitsa, kuwawira kwa masamba kumachepetsa kulemera kwa mafuta. Ndi mbatatesi yopondaponda kapena mpunga zimayendanso.

Kwa ine imakoma koposa tsiku lachiwiri. Ikagona mufiriji imalimba, imadulika mopyapyala osathyoka, ndipo silayisi yokazingidwa m'chiwaya chotentha mpaka m'mbali muchite khirichikhirichi, n'kuiika pakati pa buledi ndi tomato, ndi chakudya cham'mawa chokwanira munthu wopita kuntchito.

Kusunga kwake kuli ndi malire. Yotsala ilowe mufiriji maola awiri asanathe, ndipo masiku otentha kwambiri, kutentha kukapitirira madigiri 32, ola limodzi. Idulani masilayisi kuti izizire msanga. Mufiriji yoyenda bwino imakhala masiku atatu kapena anayi. Firiji yozima imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi ngati simukutsegula chitseko, pomwe firiza yodzaza imapirira mpaka masiku awiri, yatheka tsiku limodzi. Ndiye ngati kwanu magetsi amachoka m'mawa n'kubwera usiku, masiku anayi aja musawawerengere. Ikani masilayisi mufiriza, lililonse lokulungidwa palokha, muzitulutsa okhawo ofunika. Potenthetsa, atenthe mpaka pakati patuluke nthunzi, ndipo atenthetsedwe kamodzi kokha.

Za ana opita kusukulu, sangweji ya meatloaf imayenera nyengo yozizira kapena mwana amene amadya pa buleki ya m'mawa. M'miyezi yotentha ikani botolo la madzi oundana m'chikwama pambali pa kabokosi ka chakudya, ndipo muuzeni mwana kuti yotsala asaidye pobwerera kunyumba.